Nkhono m'Kabichi wa Alamu

Telala anamva fungo asanafike n'komwe pakona. Linali fungo la ku galaja, lija limakakamira m'zovala za amakaniko ngakhale uzichape ndi sopo wotani. Anaika keni yake yothirira pansi n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa mu udzu.

Pamwamba pa madzi panali nembanemba yakuda yonyezimira. Timbululu, tiana ta achule timene dzulo lake tinkapiringizana m'madzimo, tinali titayandama mimba zili m'mwamba. Chule mmodzi wamkulu anali atayesa kutuluka, miyendo yakutsogolo ili pamwala, yakumbuyo ili mu oyilo. Anafera pomwepo.

Dimbali linali kuseri kwa midadada ya nyumba zawo, pamalo pomwe kale pankatayidwa zinyalala. Anthu a m'nyumbazo atapanga kalabu anagawana mabedi, banja lililonse lake. Pakona ya kumunsi, pa miyala pomwe khasu linkangodumpha, palibe anapafuna. Telala anapapempha. Anakokerapo bafa lachitsulo lakale limene wina anataya pokonza nyumba, anatseka chibowo chake ndi simenti, n'kulikwirira mpaka m'milomo. Pambali anaunjika nthambi zouma, udzu anausiya ukule mmene ufunira, ndipo kunsi kwa mpanda wa waya anadula kabowo. Mvula itagwa achule anabwera okha. Kenako atombolombo, kenako mbalame zodzasamba masana. Chaka chatha kanungu, kanyama kaminga kaja kamadzipinda ngati mpira, kanayamba kulowera pa kabowo n'kumagona m'nthambimo.

Kuyambira pamenepo kalabu inali ndi kachitidwe kake. M'mawa aliyense ankatola nkhono za m'bedi mwake ndi manja, kuziika m'chitini, n'kukazikhuthula pakona kuti achule ndi kanungu adye. Mankhwala sanali oletsedwa, koma anthu ankachita nawo manyazi, kupatula munthu mmodzi.

"Mwaiona ntchito yanga, alamu?"

Telala sanacheuke msanga. Mawuwo anali a wapampando wa kalabu, amuna a achemwali ake. Anthu ankawatchula kuti a Popera chifukwa sipuleya sinkachoka kumsana kwawo, ndipo amayi a pampopi ankati amagona nayo pakati.

"Ndinu mwathira izi?"

"Nanga akanathira ndani? Achemwali anu angodzuka kumene ndi malungo. Inu mukuweta udzudzu m'bafa ngati nkhuku."

"Muno simunali udzudzu. Ana a tombolombo amadya timphutsi take tisanamere mapiko. Udzudzu uli m'matayala aja mwaunjika kuseri kwa khitchini yanu."

"Matayala anga musawatchule. Aja ndi katundu." Anaseka, n'kugwedeza sipuleya kuti ikhale bwino paphewa. "Mpaka maso kufiira chifukwa cha achule? Ndikakutolerani ena ku ngalande, ndiwamange ndi riboni. Koma muwasungire kunyumba kwanu, chifukwa pamsonkhano wa kumapeto kwa mwezi ndikauza anthu kuti bafali tilikwirire ndi zigumu za njerwa. Pano timange kashedi ka makasu."

Telala anawayang'ana nsapato zawo. Kunsonga kwa nsapato yakumanja panali dontho lakuda. Anatenga kamtengo, anavuula chule uja, n'kumukwirira pansi pa udzu.

Madzulo anakaona achemwali ake. Anawapeza atakhala pazenera la chipinda chapamwamba, atafunda juzi, akumwa madzi a mandimu.

"Iwe, wabwera kudzaona ine kapena kudzasuma?"

"Zonse ziwiri."

"Yamba ndi ine. Ndili bwinoko. Za achulezo usandiuze, ndamva kale kawiri." Anapumira m'mwamba. "Alamu ako ukuwadziwa. Akaopa amakalipa, akakalipa amathira mankhwala. Anandiona ndikunjenjemera, mutu unawazungulira. Ingowasiya."

"Akufuna kukwirira bafa."

"Bafa ndi bafa, mng'ono wanga. Suli mwana."

Telala anatsuka kapu ya achemwali akewo, anawakonzera pilo, n'kutsazika bwinobwino. Potsika masitepe anakumbukira mawu aja akuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anavomereza kuti n'zoona. Koma akulu amene ananena mawuwo sanaletse munthu kumudulira khosweyo mchira.

Njira inabwera yokha m'mawa wotsatira, itanyamulidwa ndi Make Mapasa m'chitini cha mkaka.

"A Telala, nanga nkhonozi tizitaya kuti tsopano? Achule atha. Ndiziponde?"

Telala anasuzumira m'chitinimo. Nkhono zinali zitakwerana, nyanga zili panja, zikufunafuna potulukira.

"Musaponde. Ndipatseni, ndizikataya ndine kutali. Muwauzenso anzanu azingosiya zitini pa bedi langa."

"Ndinu munthu wabwino inu. Ena atakuchitirani zomwe zija akanasiya n'kubwera komwe kudimba kuno."

Mabedi a Popera anali pakati penipeni pa dimba, pomwe mlendo aliyense ankayamba kuona. Ankadzala kabichi yekhayekha, m'mizere yoyezedwa ndi chingwe, ndipo nthawi imeneyo mitu inali itayamba kukulunga. Akabwera alendo a kukhonsolo, a Popera ankawaimika pamenepo n'kumagogoda mutu wa kabichi ndi chala kuti amve kulimba kwake. Kudimba ankabwera mochedwa, akamaliza tiyi ndi nkhani za pawailesi.

Telala ankabwera kukungocha. Nkhono za dzulo lake ankazisunga mu ndowa yovindikira, pansi pa masamba onyowa. Sankazikhuthula mwachisawawa ayi. Ankagwada, kutsegula tsamba lakunja, kuika nkhono imodzi mkati pafupi ndi tsinde, n'kubwezera tsambalo mmene linalili. Ankayenda mzere ndi mzere monga amachitira poika mabatani pa malaya, osadumpha, osabwereza. Zikuluzikulu ankazisungira mitu yokongola kwambiri. Akamaliza ankasamba m'manja pampopi, kuthirira anyezi wake, n'kupita kukatsegula shopu yake yosokera zovala. Tsiku lonse makina ankalira mokoma.

Sabata isanathe masamba anayamba kuonekera kuwala. A Popera anapopera m'mawa, anapoperanso madzulo, koma mankhwala awo anali a mbozi, ndipo nkhono zinkangolowa m'zigoba n'kudikira kuti mvula yonunkhayo idutse. Telala anawapeza tsiku lina ataima pakati pa mizere, atanyamula tsamba lobookabooka.

"Mwayamba kuluka lesi, alamu? Mundisungireko. Pali mayi wina akufuna ya pakolala."

"Nkhonozi zikuchokera kuti? Kwa ena onse kulibe."

"Kaya. Mwina zamva kuti achule anasamuka, ndiye zabwera kudzathokoza mwini ntchito."

A Popera anaponya tsambalo pansi. Telala anapita ku shopu akuimba chamumtima, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

Masana a tsiku lomwelo achemwali ake anatulukira pakhomo pa shopu. Anali ataonda, koma akuyenda okha. Anadikira kuti kasitomala amene ankayesa buluku atuluke, kenako anakhala pa mpando wa oyesa zovala.

"Chidwalireni tulo timandithera m'bandakucha," anatero. "Ndiye ndimakhala pazenera."

Telala anapitiriza kudula ulusi.

"Ndimakuona, iwe. Ndi ndowa yako yobiriwira. Umagwada ngati ukupemphera."

"Mwawauza?"

"Ndikanawauza ukanamva uli pompano. Siya. Munthu uja sakudya. Dzulo wakhala pakhonde mpaka tiyi kuzizira, akungoyang'ana kudimba."

"Timbululu tija tinkadya?"

"Iwe, ndi amuna anga amene aja."

"Auzeni asiye za kashedi. Akanene pamsonkhano kuti analakwa, atsuke bafa. Nkhono zisiya zokha."

"Ukudziwa kuti sangatero."

"Ndiye nanenso mukundidziwa."

Achemwali akewo anamuyang'ana. "Unali choncho uli wamng'ono. Munthu akakutsina, iwe unkadikira mpaka aiwale." Anadzuka, anakonza mpango, n'kutuluka osatsazika.

Kutatsala pang'ono kuti msonkhano uchitike, Telala anapeza pansi pa kabichi pali buluu. A Popera anali atagula timibulu ta mankhwala a nkhono n'kutimwaza mowirikiza ngati akufesa mbewu. Telala ankatidziwa. Ankadziwanso kuti nkhono ikadya timeneti siifa nthawi yomweyo, imayenda kaye ikutuluka thovu, ndipo chilichonse chimene chingaidye chadyanso mankhwalawo. Anaima ndi ndowa m'manja. Anayang'ana kumunsi. Pakona panali patali, kuseri kwa mabedi a anthu ena onse, ndipo kanungu sikankafika pakati pa dimba. Mitu ina ya kumapeto kwa mzere inali idakali yosalala. Anagwada.

Anakapeza m'mawa wa Loweruka, tsiku la msonkhano. Kanali pakati pa mizere iwiri ya kabichi, katagona chammbali. Kanungu wamoyo ukamuyandikira amadzipinda, koma aka kanali katatambasuka, kamimba koyera kali poyera, timiyendo tili tayale. Pakamwa panali thovu louma labuluu. Pafupi panali zigoba zophwanyika.

Telala anakhala pansi pa dothi lonyowa. Sanafunike munthu womufotokozera. Chiyambireni kusonkhanitsa zitini, pakona sipanakhuthulidwe nkhono ngakhale imodzi. Kanyamako kanazolowera kupeza chakudya pakhomo, ndipo chitasowa kanachilondola ndi mphuno mpaka kumene iye anachipititsa.

Anakanyamula ndi manja awiri. Minga yake inali yofewa kuposa mmene ankaganizira, ndipo kanali kopepuka. Kenako anayang'ana timibulu tija, ndipo mkwiyo unabwera, unali wosavuta kunyamula kusiyana ndi chisoni. Anamasula chigamba cha nsalu chimene ankamangira pa chogwirira cha keni, anakulungamo kanungu, n'kutolanso timibulu todzaza dzanja.

Msonkhano unkachitikira pansi pa mtengo wa pafupi ndi mpopi. Anthu anabwera ndi timipando tawo. Aphunzitsi, bambo wopuma ntchito amene anali mlembi wa kalabu, anakhala pambali pa a Popera kutsogolo kwa tebulo laling'ono. Achemwali a Telala anakhala kumbuyo, manja ali pamiyendo.

A Popera anayamba ndi za paipi yodontha, kenako anafika pa nkhani yawo. Anati pakona paja pakhala chisa cha matenda, pakuchititsa manyazi alendo akabwera, ndipo njerwa zogumuka anazipeza kale kwa mnzawo womanga nyumba. Anthu ena anagwedeza mitu movomereza. Bafa la oyilo linkanunkhadi, ndipo makasu ankasowadi posungira.

Telala anaimirira, anayenda mpaka patebulo, anaika kamtolo kake, n'kumasula nsalu. Pambali pake anathira timibulu tija.

Anthu anasuzumira. Kenako mayi wina anati, "Mayo, kanungu wathu!"

"Ndakapeza m'kabichi wa a wapampando," anatero Telala. Mawu ake anali otsika, ngati akuuza kasitomala tsiku lodzatenga zovala. "Anayamba ndi achule. Achule atatha nkhono zinachuluka. Nkhono zitachuluka anamwaza izi. Lero ndi aka. Sindikudziwa kuti mawa ndi ndani."

Make Mapasa anafika patebulo, anatola kambulu kamodzi n'kukayang'anitsitsa. "Izi zili pansi m'dimba muno? Ana anga amakwawa m'mizere imeneyi ine ndikuthirira. Chilichonse amaika kukamwa. Izi zikuoneka ngati maswiti, bambo inu!"

"Zalembedwa papaketi kuti…"

"Ana anga amawerenga paketi?"

Phokoso linabuka. A Popera anamenya tebulo ndi chikhatho. "Tamverani! Nkhono zimene zija sizinabwere zokha. Mabedi onse ali bwino, langa lokha ndiye ladzaza. Mkati mwa masamba, mutu uliwonse! Pali munthu akuzibweretsa."

"Zikubwera pa minibasi," anatero mnyamata wa ku butchala, ndipo anthu anaseka.

"Musaseke! Nanga zitini zanu mumapatsa ndani?"

Kuseka kunachepa. Make Mapasa anacheukira kwa Telala. Telala nkhope sanaisinthe.

"Ndimakataya ku ngalande," anatero.

A Popera anatembenukira kumbuyo. "Mayi, inu mumakhala pazenera m'mawa uliwonse. Dimba lonse mumaliona. Tauzani anthuwa zimene mumaona."

Mitu yonse inatembenuka. Achemwali a Telala sanayang'ane amuna awo, sanayang'anenso mng'ono wawo. Anayang'ana kanyama kali patebulo.

"Maso angawa chidwalireni saona patali," anatero. "Ndimangoona nkhungu."

A Popera anakhala pansi pang'onopang'ono.

Aphunzitsi anatsokomola. Anati nkhani yamveka, ndipo maganizo awo ndi akuti mankhwala akupha aletsedwe m'dimba, timibulu titoledwe lero lomwe, pakona pasiyidwe mmene palili. Manja anakwera pafupifupi onse. Anati ndiye nkhani yatha, apite pa ina.

"Siinathe," anatero Telala. "Bafa lili ndi oyilo. Wothira atsuke, yekha, ndi manja ake. Ndipo munthu amene wamwaza poizoni pomwe pakwawa ana sangakhalenso patebulopo."

"A Telala," anatero Aphunzitsi motsitsa mawu, "munthu akagwa sitimupondanso. Ndi alamu anu awa."

"Popha nyani sayang'ana nkhope, Aphunzitsi. Funsani anthu."

Anafunsa. Manja anakwera, ochepa kusiyana ndi poyamba, ena mpaka m'khutu basi, koma anakwana. A Popera anatenga chipewa chawo patebulo, anadutsa pakati pa anthu n'kumapita. Palibe anawaitana.

M'mawa mwake Telala anafika pakona ndi kabokosi kokhalira. A Popera anali atayamba kale. Madzi akuda anali atawatungira m'migolo yoti ipite ku galaja, ndipo tsopano anali atagwada m'bafa momwemo, atapinda buluku, akukwecha ndi mchenga, phulusa ndi chiguduli. Popanda sipuleya msana wawo unkaoneka waung'ono. Sanapereke moni. Telala anaika kabokosi kake pamthunzi, pomwe ankatha kuona mkati monse, n'kukhala.

Oyilo satsukika msanga. Ukakwecha apa amathawira apo. A Popera ankapuma pafupipafupi, kupukuta thukuta ndi mkono, ndipo nkhope yawo inadzaza mizere yakuda. Telala ankayembekeza kuti amva kukoma ngati kuja ankamva poika nkhono. Kunabwera pang'ono, koma kunkatha msanga, ndiye ankayang'anitsitsa kuti kubwerenso.

Dzuwa litakwera achemwali ake anatsika ndi fulasiki ndi kapu imodzi. Anathira tiyi, anapatsa amuna awo, anawapukuta pachipumi ndi nsonga ya mpango. Kenako anabwera kudzaima pafupi ndi kabokosi, osakhala.

"Kanungu kaja wakaika kuti?" anafunsa motsitsa.

"Pansi pa nthambi. Pomwe kankagona."

"Ukanamakapatsa chakudya chake pompano, kukabichi kakanapita kukatani?"

Telala anayang'ana kubafa.

"Dzulo ndanama pamaso pa amuna anga, anthu onse akumva. Iwo akudziwa kuti ndanama. Sanandifunse, ndipo sadzandifunsa, koma tikhala nazo m'nyumba muja." Anatseka fulasiki mwamphamvu. "Ndachita chifukwa tinayamwa bere limodzi. Kachiwiri kulibe. Bafa lako ndi limeneli, walipeza. Kwathu usabwere kaye."

"Mpaka liti?"

"Ndidzakuuza ine."

Anatenga kapu kwa amuna awo n'kubwerera kunyumba, akuyenda m'mphepete mwa mabedi. Telala anawatsatira ndi maso mpaka analowa pachipata. Anafuna kuwaitana, pakamwa anatsegula, koma m'bafa chiguduli chinali chitasiya kulira. A Popera anali ataimirira, dzanja lili m'chiuno, akuyang'ana ntchito yawo.

"Ndatha," anatero, osamuyang'ana.

Telala anadzuka. Anazungulira bafalo pang'onopang'ono, anawerama, anapisa chala kunsi kwa mlomo wachitsulo n'kuchiyendetsa. Chinatuluka chakuda. Anachikweza kuti achione.

"Apa patsala, alamu."

A Popera anayang'ana chalacho, anayang'ana kuchipata, kenako anagwadanso n'kutapa mchenga wina.